Ndinapita kwa Dokotala Watsopano ndi Mabuku Awiri

1

Ndine Lefina, ndipo ku Chulu amandidziwa ngati mayi amene anagwetsa ukwati wa mng'ono wake m'chipinda cha dokotala. Ena amawonjezera kuti tsikulo ndinachita misala. Misala sindinachite ayi. Zonse ndinazikonza kwa masiku asanu ndi anayi, mutu uli bwinobwino, ndipo lero ndikufuna mumve kuchokera kwa mwini wake.

Kwathu ndi ku Ntchisi. Ku Chulu ndinapita chitengwa, kutsatira amuna anga a Wyson Nthanda, mlimi wa fodya yemwe anali ndi zigafa zitatu ndi mabanja anayi a matenanti. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, ndipo akayamba kupemphera ana ankasinza. Tinakhala zaka khumi ndi ziwiri ine osakhalapo ndi pakati. Apongozi anga, a Nabanda, sankanditukwana. Ankangoti akaona nkhuku yanga ikudutsa ndi anapiye, nkuiyamikira mokweza mawu ine ndili pomwepo.

Mwana m'nyumba tinali naye, koma sanali wa m'mimba mwanga. Tithokoze anali wa mng'ono wanga Modester, yemwe anabwera kudzakhala nafe mu 2005 atasiya sukulu. Chaka chisanathe anapezeka ndi pakati. Titamupanikiza anatchula Jeremiya, tenanti wa ku Phalombe amene anali atangofika nthawi ya nazale. Jeremiya anagwada pabwalo nkulumbira kuti mtsikanayo sanamukhudzepo, koma ndani akanamvera tenanti? A Nthanda anamuthamangitsa fodya wake ali m'mawondo, ndipo amene anaponya mapoto a mkazi wake pamsewu ndine.

Pofuna kuti manyazi achepe, Modester anamutumiza kwa azakhali awo a a Nthanda kufupi ndi kuboma. Anachira mu Malichi, pa opaleshoni. Ine sindinapite chifukwa inali nthawi yosoka fodya, ndipo anakamudikirira ndi apongozi. Anabwera ndi uthenga woti mwana wabadwa wosakwana masiku, wa miyezi isanu ndi iwiri, koma Mulungu wachita zake.

Mwanayo atasiya kuyamwa, Modester anapeza ntchito m'sitolo ku Mtunthama nkundisiyira. Kuyambira pamenepo chikuku, mano, sikelo, zonse zinali zanga. Ndinamukonda mwana ameneyu mopitirira muyezo, ndipo sindichita manyazi kunena.

Mu 2010 Modester anapeza mwamuna, mphunzitsi wofatsa dzina lake Cornelius. Pa chinkhoswe Cornelius ananena mosabisa kuti za tenanti wazimva ndipo wazikhululuka, koma mwanayo atsale kumene akuleredwa. Ankhoswe anavomereza. Ukwati ukangochitika mu Disembala, Tithokoze akhala wanga mpaka kalekale. Ndinatsala ndi miyezi iwiri yokha kuti ndisiye kudzidzimuka ndikamva kuti Modester akubwera.

2

Nthawi imeneyi nkuti ndikuvutika ndi kuthamanga kwa magazi. Mutu unkandipweteka chakumbuyoku, makutu nkumalira. Ndinkalandira mankhwala pachipatala cha mishoni cha kwathuko, ndipo Lachiwiri lina mu Okutobala namwino wathu, a Consolata, anaima kutsogolo kwa mzere nkuomba m'manja.

"Amayi ndi abambo a bipi, tamverani. Lachinayi la sabata la mawa mukumana ndi adokotala atsopano, a Mphepo. Amenewa si aja olemba panado asanakuyang'aneni kumaso. Mubwere ndi mabuku anu onse akuchipatala, akale ndi atsopano, ngakhale odyedwa ndi chiswe. Mubwere ndi mankhwala onse amene mukumwa, achizungu ndi achikuda omwe. Mufunse kwanu matenda amene ali kumtundu. Amene mungathe, mubwere ndi munthu wokhala naye. Ndamveka?"

"Mwamveka, anesi!"

Ine ndinali ndi buku limodzi lokha. Loyamba linasowa mu 2005, ndinafufuza mpaka kutopa nkugula lina. Koma nditafika kunyumba mawu a Consolata anandikhala pamtima, ndipo ndinaganiza zoyang'ananso komaliza.

A Nthanda anali atapita kusukulu kukalembetsa mayina a makuponi a feteleza. Bambo amenewa sataya pepala. Anali ndi chikwama chakuda pansi pa bedi chodzaza malisiti a ku okushoni, makalata a mpingo, ngakhale timapepala ta mbewu ta zaka khumi zapitazo. Chikwamacho sindinkachigwira, poti mkazi wolongosoka sapisa m'mapepala a mwamuna. Tsikulo ndinapisa.

Pansi penipeni panali thumba la pulasitiki la shuga, lopindidwa kawiri. M'kati mwake munali buku langa lachikasu, dzina langa lili pamwamba m'zolemba zanga zomwe.

Ndinalitsegula ndikumwetulira. Masamba oyamba ndinawazindikira: malungo, dzino, malungo. Kenako ndinafika pamasamba amene sindinawaonepo. Sukulu ndinalekeza Fomu 2, Chizungu cha madokotala chimandipitirira, koma mayina ndi madeti ndimawerenga. Ndinawerenga kawiri. Ndinawerengetsa miyezi ndi zala. Ndinangokhala pansi pasimenti.

"Amama, mukulira?" Anali Tithokoze, ataima pakhomo ndi chidole chake cha dothi.

"Ayi mwanawe, ndi fumbi la m'chikwamamu. Pita ukasewere."

Zimene ndinawerengazo muzimva nthawi yake ikakwana. Inenso ndinapirira masiku asanu ndi anayi.

3

Sindikhulupirira kuti ku Kasungu kuno kunakhalapo wodwala amene anakonzekera kukaonana ndi dokotala ngati mmene ndinachitira ine.

Ndinayamba ndi mankhwala. A bipi anali ochepa, timapaketi tiwiri. Koma Consolata anati ndi achikuda omwe, choncho ndinatulutsa mizu yonse, makungwa ndi mabotolo amene apongozi anakhala akundibweretsera kuti ndibereke. Ina inali itachita nkhungu. Ndinaitsuka bwinobwino nkuiika m'basiketi, ndikukumbukira kuwawa kwa uliwonse.

Kenako ndinayamba kusonkhanitsa anthu anga. A Nthanda ndinawapeza akuthirira nazale kudimba.

"Abambo, Lachinayi mundiperekeze kuchipatala. Adokotala atsopano akufuna aone munthu amene ndimakhala naye."

"Lachinayi? Iwe, Lachinayi akugawa makuponi. Ndijombe feteleza chifukwa cha mutu?"

"Makuponi amayamba masana. Komanso ndimangoganiza kuti mkulu wa mpingo akaoneka akuperekeza mkazi wake, abambo ena amatengera chitsanzo. Koma ngati simungathe, basi."

Anatula kheni pansi nkukonza kolala ya malaya. Ndinkawadziwa amuna anga. Ukawauza kuti anthu akawaona, akhoza kukusenza mpaka kuboma.

"Chabwino, tipita pangolo," anatero. "Amayinso ndi tsiku lawo lomwelo."

Masana ake ndinakwera pachulu cha kuseri kwa chigafa, pomwe pamagwira netiweki, nkumuimbira Modester.

"Achemwali, kwagwanji?"

"Kulibe choipa. Adokotala atsopano akufuna m'bale wanga wamagazi, afunse za matenda akumtundu. Iwe unali pafupi ndi amayi kuposa ine. Ndiponso paja abusa anati inu ndi alamu mukayezetse magazi ukwati usanafike? Bwerani nonse Lachinayi, muthane nazo."

"Zikomo kwambiri achemwali, mwatikumbutsa. Inu ndinu mayi anga enieni."

Ndinadula foni. Mayi ake enieni! Ndinalavula pansi.

Masiku otsalawo ndinali mkazi wabwino kuposa kale lonse. Ndinawasitira a Nthanda jekete, ndinawaphikira nkhwani zotendera mmene amazikondera, ndinawapatsa madzi osamba nditagwada. Akamatafuna ndinkawayang'ana pakhosi nkumaganiza za Lachinayi. Chidani chinkandipatsa mphamvu moti ndinalima mizere ya anthu awiri.

Musaganize kuti ndinali wopusa. Ndinkadziwa kuti ukwati wa Modester ukagwa, pangano la ankhoswe lagwera pomwepo, ndipo mwana akhoza kumutenga. Kangapo konse ndikumusambitsa Tithokoze mtima unkandiuza kuti, Lefina, bwezera bukulo m'chikwama, dikira Disembala. Koma m'buku lomwelo munali china chimene chinandilimbitsa mtima kuti mwanayu palibe angandilande. Ndinakhulupirira kuti ndikhoza kuwakhaulitsa onse, mwana nkutsala nane.

4

Lachinayi ndinavala diresi langa la chigwirizano cha amayi nkumanga chitenje chatsopano. Tithokoze ndinamusiya kwa oyandikana nawo nyumba. Mabuku awiri aja ndinawaika pachifuwa, mkati mwa diresi.

Pangolo apongozi anasuzumira m'basiketi.

"Nanga mizu yonseyi mukupita nayo kuti, mtengwa?"

"Adokotala ati tibwere ndi zonse zimene timamwa, amayi."

"Eee, mukawauze kuti ife tinayesetsa," anatero, nkuyang'ana kumbali.

Kuchipatala tinapeza mzere utazungulira khonde. Modester ndi Cornelius anafika panjinga yamoto, onse atavala zofanana ngati ali kale pa ukwati. Cornelius anavula chipewa nkundipatsa moni ndi manja awiri. Munthu ameneyu sanandilakwire chilichonse, ndipo pamene ankandifunsa za mutu wanga ndinamumvera chisoni pang'ono. Chisonicho chinatha nditaona Modester akupereka moni kwa a Nthanda, maso ali pansi, ngati mlamu waulemu.

Chipinda cha dokotala chinali chogawidwa ndi matabwa osafika kudenga. Zimenezi ndinkazidziwa kale, chifukwa tonse a bipi tinkadziwana matenda osafunsana. Cornelius ndinamukhazika pabenchi yoyandikana ndi chitseko.

"Alamu, khalani apa, mutisungire malo anu oyezetsa magazi."

"Lefina Nthanda!" anaitana Consolata.

Ndinadzuka mwapang'onopang'ono ngati wodwalika, dzanja lina paphewa la Modester, lina pamkono wa a Nthanda. Apongozi, omwe sankalola kuti chinthu chiwapite, analowa nawo osaitanidwa.

5

A Mphepo anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula Chichewa chokoka ngati cha anthu a kumpoto.

"Yewo, mama. Mwabwera ndi mudzi wonse? Chabwino, khalani. Kodi mulibe vuto kuti awa amve zimene tikambirane?"

"Ndilibe, adokotala. Onsewa ndi anga."

Anandimanga chija choyezera pamkono, nkugwedeza mutu ataona nambala. Anatulutsa zam'basiketi chimodzichimodzi.

"Mizu yonseyi ndi ya chiyani?"

"Yoti ndibereke. Kokumba kwake akudziwa ndi apongozi angawa."

"Hmm. Tikambirana. Mabuku muli nawo?"

Ndinapereka latsopano. Kenako ndinapisanso m'diresi nkutulutsa lachikasu lija, nkuliika patebulo pang'onopang'ono kuti aliyense alione. Chipewa chimene a Nthanda anachigwirizira pabondo chinagwa pansi, ndipo sanachitole. Modester anapuma mokoka ngati wathiridwa madzi ozizira.

Consolata sananame. Mayi amenewa ankawerengadi tsamba lililonse, chala chikuyenda pamzere. Atafika pakati anadzutsa mutu.

"Apa zikuonetsa kuti muli ndi mwana mmodzi. Munayamba sikelo mu Okutobala 2005, pakati pali miyezi inayi, ndipo munapita ndi amuna anu, a Wyson Nthanda. Munachira mu Malichi 2006 pa opaleshoni, mwana wamkazi, wokwana masiku. Kodi bipi inakuvutani muli oyembekezera?"

"Pepani adokotala, makutu angawa amalira. Mwati ndinapita ndi ndani?"

"Ndi amuna anu, a Wyson Nthanda."

"Ndipo mwanayo anali wokwana masiku?"

"Inde, miyezi isanu ndi inayi." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anayang'ana mizu ija. "Mama, pali chimene sindikumvetsa."

Ndinaimirira. Ndinamasula chitenje, nkukweza diresi mpaka pamwamba pa mchombo, amuna anga ndi apongozi akuona. Manyazi ndinali nditawasiya ku Chulu.

"Tayang'anani mimba iyi, adokotala. Chipsera cha opaleshoniyo chili pati?"

6

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinazipeza ndili pansi pasimenti paja. Masiku amenewo kusikelo ankafuna kuti mayi woyembekezera apite ndi mwamuna wake. Wopanda mwamuna ankayenera kukatenga kalata kwa amfumu, ndipo amfumu sakanalemba asanafunse mwini mimba. Ndiye anthu angawa anatenga buku langa nkupita kuchipatala chakutali komwe sankatidziwa. Modester anasanduka Lefina Nthanda, ndipo mwamuna wa Lefina Nthanda anakhala pambali pake mosavuta. Zimenezi zinachitika mu Okutobala, ine ndisanadziwe nkomwe kuti mng'ono wanga ali ndi pakati. Miyezi inayi kuchokera mu Okutobala kubwerera m'mbuyo ndi Juni. Mu Juni ndi Julaye chaka chimenecho ine ndinali ku Ntchisi kudwazika amayi. Jeremiya anafika pakhomo pathu mu Seputembala.

"Mama, tsitsani diresi," anatero a Mphepo. "Enanu tulukani kaye."

"Asatuluke munthu! Modester, kweza bulauzi yako adokotala aone chipsera changa chimene ukundisungira."

A Nthanda anapeza mawu. "Adokotala, musadabwe, mayiwa ndi bipi. Nkhani yake ndi yaing'ono. Mlamu wangayu anachimwitsidwa ndi tenanti, ndiye ine monga mkulu wa mpingo ndinangomuthandiza kuti alandiridwe kusikelo. Ndi chifundo chabe."

"Chifundo!" ndinakuwa, nkhope nditalozetsa kumatabwa kuja. "Mu Juni Jeremiya anali kwawo ku Phalombe, asakudziwa nkomwe kuti kuli Chulu. Pakhomo panatsala inu, Modester ndi tambala. Ndiye mundiuze, a Nthanda, mimbayo anapereka ndi tambala?"

Kunja kwa matabwa, komwe nthawi zonse kumakhala phokoso la amayi, aliyense anali atatchera khutu.

"Lefina, ukuchimwa. Madeti a kuchipatala amalakwika. Ine ndikhoza kulumbira ndi Baibulo..."

Akanalumbiradi, ndipo mwina ena akanawakhulupirira. Amene anawamaliza si ine. Apongozi, omwe anali chikhalire pakona, anamenya ndodo yawo pansi.

"Wyson! Sindinakuuze ine kuti buku limenelo uliponye m'chimbudzi? Mapepala, mapepala, wawaona mapepala akowo?"

Zimenezi sindinazikonzekere. Ndinawayang'ana mayi amene kwa zaka zinayi ankandimwetsa mizu yowawa akudziwa kuti mdzukulu wawo ndikumubereka kumbuyo. Ndinatenga basiketi ija nkuikhuthulira pamiyendo pawo.

"Nayo mizu yanu, amayi. Mukamwetse nkhuku."

Chitseko chinatseguka. Cornelius anaima pakhomo, chipewa chili m'manja, kumbuyo kwake mitu ya anthu itapanikizana.

"Modester," anatero motsitsa mawu, "zimene ndamvazi ndi zoona?"

Modester anaphimba nkhope ndi chitenje. Cornelius anadikira pang'ono, kenako anandiweramira ine mwaulemu nkutuluka. Tinamva njinga yamoto ikulira mpaka kuzimiririka.

Owerenga, sindikubisirani. Ndinamva kukoma. Nditaona a Nthanda akudutsa pakati pa amayi a bipi, jekete yositasita ija ili pamutu ngati wakuba mbuzi, ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo chibadwire. Mutu unasiya kupweteka.

7

Consolata anabalalitsa anthu nkutseka chitseko. Ndinatsala ndi a Mphepo awiriwiri. Anandipatsa madzi, nkundiyezanso, nkunena kuti ndikapitiriza chonchi ndidzagwa sitiroko. Anandisinthira mankhwala nkundiletsa mchere ndi mizu.

"Mwandigwiritsa ntchito, mama," anatero akulemba. "Sindinasangalale nazo. Koma zimene anakuchitanizo ndi zoipa."

"Pepani adokotala. Tsopano ndipatseni buku langalo."

"Latsopanoli, nali."

"Ndikunena lachikasulo. Mmenemo ndi mmene muli mwana wanga. Mwawerenga nokha, alemba kuti Lefina Nthanda anachira mwana wamkazi, chidindo cha chipatala chili pomwepo. Akafuna kundilanda mwana, ndikaonetsa limeneli kwa ankhoswe, ngakhale kukhoti."

Anavula magalasi.

"Mama, inu nomwe mwangondionetsa kumene, pamaso pa mboni, kuti bukuli likunama. Khonde lonse lamva. Ine sindingalisiye chonchi. Tsiku lina mudzadwala, dokotala wina adzakuthandizani molakwika poganiza kuti munang'ambidwapo. Ndipo mng'ono wanuyo akadzakhalanso ndi pakati, omuthandiza ayenera kudziwa za opaleshoniyi, apo ayi akhoza kufa. Masamba awa ndi a mwini chipsera."

Anakopera malungo anga ndi dzino langa m'buku latsopano. Kenako anatenga cholembera nkudula mzere padzina langa. Anaitanitsa Modester, yemwe analowa maso ali psuu, nkumufunsa dzina lake lonse. Analilemba pamwamba pa langa, anasaina, nadinda chidindo.

Ndinangoyang'ana buku likuchoka patebulo kupita m'manja mwa Modester. Apa mpamene ndinazindikira chimene ndinachita. Pepala lokhalo padziko lapansi limene linkanena kuti ndine mayi wa Tithokoze, ndinalinyamula ndekha pachifuwa kudzalitsutsa.

8

Sabata isanathe nkhani inali itafika ku Chamama ndi ku Mtunthama. Pamzere wa feteleza anthu ankafunsana kuti tambala wa a Nthanda ali bwanji. Kumpingo anawadula, ukulu nkuwalanda. Cornelius anatumiza ankhoswe ake kudzanena kuti za tenanti akanapirira, koma za bodza sangathe. Mwini sitolo anamuuza Modester kuti apume kaye. Zonse zimene ndinafuna zinachitika, osatsalako chimodzi.

Amalume anabwera kuchokera ku Ntchisi, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango, mbali zonse ziwiri. Apongozi anayamba ndi kupempha kuti popeza mwana ndi magazi awo, atsale pa Chulu. Amalume anawaseka.

"Kuyambira liti mwana wa Achewa kukhala wa kuchimuna? Zaka zinayi munkati ndi wa tenanti, lero wakhala magazi anu? Mwanayu ndi mbumba yathu."

Ndinapuma. Ndinaganiza kuti mbumbayo ndi ine.

"Amalume, ine banja lino ndathana nalo," ndinatero. "Ndichoka ndi mwana wanga. Paja ankhoswe anagamula kale."

"Anagamula chifukwa ndimakwatiwa," anatero Modester. Aka kanali koyamba kulankhula chichokereni kuchipatala. "Ukwati mwauthetsa, achemwali. Ntchito yatha. Kumsika sindingadutse. Chimene ndatsala nacho ndi mwana, ndipo ndikumutenga."

"Ulibe manyazi? Unandibera mwamuna m'nyumba mwanga momwe!"

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Munandisiya miyezi iwiri m'nyumba ya munthu amene ankandidyetsa, woti ndikakana andithamangitsa. Dzina la Jeremiya anandiuza ndi iwowa kuti nditchule. Bukulo munakhala nalo masiku asanu ndi anayi, achemwali. Munakwera pachulu kundiimbira foni. Bwanji simunandifunse kuti zinayamba bwanji?"

A Nthanda ankajambula pansi ndi kamtengo. Sanatsutse ngakhale liwu limodzi. 

Amalume anagamula kuti mwana atsate mayi womubereka. Ndinagwada, ndinalira, ndinakumbutsa za chikuku ndi masiku amene ndinagona naye m'chipatala. Anati zonsezo akuzidziwa, ndipo ndidzakhala ndikumuona.

M'mawa mwake ndinamusambitsa Tithokoze, nkumudzoza mafuta, nkumuveka diresi limene ndinamusokera kuti adzavale pa ukwati. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Galimoto ya matola itaima, Modester anakwera nkutambasula manja. Mwana anandikakamira m'khosi.

"Amama, inu simukwera?"

"Ndibwera mawa, mwanawe."

Ndinachita kumasula zala zake chimodzichimodzi. Galimoto inanyamuka akukuwa, ndipo ndinamumva mpaka pamlatho.

9

Papita zaka zinayi. Ndimakhala pa Chamama, ndimagulitsa tomato ndi kaunjika. A Mphepo ndi dokotala wanga mpaka lero, bipi inatsika, ndipo za tsiku lija sanazitchulenso. A Nthanda anakwatira wina, matenanti amawathawa chaka ndi chaka, ndipo ndikamva zimenezi ndimadya bwino. Ndikakumana ndi anthu a ku Phalombe ndimafunsa za Jeremiya kuti ndikapepese, koma palibe amene amamudziwa.

Inu owerenga, ena mwa inu muli ndi chinthu chimene mwachipeza m'chikwama, m'foni kapena m'thumba la jekete, ndipo mukudikira tsiku loti anthu achuluke. Sindikuuzani kuti mukhululuke. Ine a Nthanda sindinawakhululukire, ndipo atati abwerenso ndikhoza kuwavulanso jekete pagulu. Chimene ndikupemphani nchakuti musanasonkhanitse anthu, mufunse kaye amene mukufuna kumukhaulitsayo ali yekha, ndiponso muyang'ane bwino amene waima pafupi naye. Ine ndinkayang'ana amuna anga, mng'ono wanga ndi apongozi. Mwana wa zaka zinayi sindinamuwerengere, ndipo ndikanangodikira miyezi iwiri bwenzi akugona m'nyumba mwanga.

Pa Khirisimasi yapitayi ndinapita ku Ntchisi, komwe Modester akukhala tsopano, ndi nsapato ndi chikwama cha kusukulu. Tithokoze watalika, ali Sitandade 3, ndipo akuti m'kalasi amakhoza. Modester anamuitana kuti adzalonjere alendo. Anabwera, anagwada chapatali monga mwana woleredwa bwino, nkuomba m'manja.

"Muli bwanji, amayi aakulu?"

Ndinayankha kuti ndili bwino. Analandira nsapato zija ndi manja awiri, anathokoza, kenako anafunsa amayi ake ngati angabwerere kokasewera.